Akakupezani ndi kachotupa m'matumbo: zoyenera kudziwa pamene mukudikira kuunikidwa

Zimachitika kuti munthu wa ku Msundwe, Mpingu, Nsaru kapena Namitete waona magazi m'chimbudzi, wapita kuchipatala, ndipo dokotala atamupima wamuuza kuti wapeza kachotupa m'matumbo kamene achipatala amakatcha polyp. Kenaka amulembera kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu kuti akamuunike matumbo onse, kuunika kotchedwa kolonosikopi. Kumeneko amupatsa tsiku limene mwina lili patsogolo ndi masabata kapena miyezi. Munthu uja amabwerera kumudzi mtima uli m'mwamba, tulo osabwera, ndipo mawu amene amamveka m'mutu mwake ndi amodzi okha: khansa.

Talemba nkhaniyi kuti tithandize abale ndi alongo amene ali pa ulendo wotere, pamodzi ndi akatekisi ndi atsogoleri a miphakati amene kawirikawiri ndiwo oyamba kuuzidwa nkhawa za odwala. Tifotokoza chimene kachotupaka kali, chifukwa chake madokotala amafuna kuona matumbo onse, kutalika kwa nthawi imene munthu angadikire popanda chiopsezo chachikulu, ndi zizindikiro zimene sitiyenera kudikira nazo.

Kodi kachotupa kameneka n'chiyani?

Chakudya chikagayidwa m'mimba ndi m'matumbo aang'ono, zotsala zimalowa m'thumbo lalikulu, lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Thumboli limayambira kumunsi kwa mimba mbali ya kumanja, n'kukwera, n'kudutsa chopingasa, n'kutsikira mbali ya kumanzere mpaka kotulukira chimbudzi. M'kati mwake muli kakhungu kofewa kamene kamadzikonzanso tsiku ndi tsiku. Nthawi zina malo ena a kakhunguka amakula mopitirira muyeso, n'kutukumuka ngati njerewere. Chimenechi ndicho polyp. Tina timakhala tating'ono ngati njere ya mapira, tina ngati nyemba, tina timakula kuposa ndimu. Tina tili ndi kaphesi ngati bowa, tina n'tophwatalala.

Choyamba chimene tiyenera kuchigwiritsa n'chakuti kachotupa kotere si khansa. Anthu ambiri amene adutsa zaka 50 ali nato osadziwa, ndipo tochuluka sitisanduka khansa moyo wawo wonse. Komabe pali mitundu ina, makamaka wotchedwa adenoma, imene ikasiyidwa imatha kusintha pang'onopang'ono mpaka kukhala khansa. Kusinthaku sikuchitika mwezi umodzi kapena iwiri. Kawirikawiri kumatenga zaka 10 kapena kuposerapo. Chiopsezo chimakulirapo ngati kachotupako kaposa sentimita imodzi, ngati tilipo tambiri, kapena ngati m'banjamo muli wina amene anadwalapo khansa ya m'matumbo.

Khansa zambiri za m'thumbo lalikulu zimayamba ngati kachotupa kotere. N'chifukwa chake kukapeza msanga ndi mwayi, pakuti chimene chachotsedwa sichingasandukenso khansa. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'matumbo aakulu ndipo oposa 900,000 anamwalira nayo. Ambiri mwa omwalirawo ndi amene matendawa anadziwika mochedwa.

Si chotupa chilichonse chimene chili panjira ya khansa

Kuno kwathu pali zinthu zina zimene dokotala amaziganiziranso. Chimodzi ndi likodzo. Ambiri timadziwa likodzo lokodzetsa magazi, koma palinso likodzo la m'matumbo limene munthu amalitenga posamba, pochapa kapena pothirira mbewu m'madzi a m'madambo ndi m'mitsinje momwe muli nkhono. Mazira a tizilombo take amakakamira m'khungu la thumbo, n'kuyambitsa timatupa totulutsa magazi. Matendawa ali ndi mankhwala ake otchedwa praziquantel. Choncho ngati mumalima kudimba kapena munakhalapo kunyanja, muuzeni dokotala.

Ana aang'ono nawonso amatha kukhala ndi kachotupa kotulutsa magazi popanda ululu, ndipo kameneka kawirikawiri sikakhala koopsa, ngakhale kuti kayenera kuchotsedwa. Palinso kamwazi ndi matenda a mudzi, zimene zimatulutsanso magazi. Vuto n'lakuti ambiri akaona magazi amangoti ndi mudzi, n'kumwa zitsamba chaka chathunthu. Munthu akhoza kukhala ndi mudzi komanso chotupa nthawi imodzi. Maso okha sangasiyanitse mitundu ya timatupati. Chimene chimapereka yankho ndi kuchotsa kachotupako n'kukakapima pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono.

Ngati kachotupa kapezeka kale, aunikirenji kachiwiri?

Funso limeneli ambiri amafunsa. Yankho n'lakuti kupima koyamba kuja, kaya kunali kwa chala cha dokotala kapena kwa kachipangizo kakafupi, kunangoona chakumapeto kwa thumbo. Mbali yaikulu inatsala yosaonedwa. Ndipo munthu amene wapezeka ndi kachotupa kamodzi akhoza kukhala ndi tina chakumtunda.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Ronald Reagan, amene anali mtsogoleri wa dziko la America. M'mwezi wa March 1985 madokotala anamupeza ndi kachotupa kakang'ono kosaopsa chakumunsi kwa thumbo. Mu July chaka chomwecho, ataunika thumbo lonse, anapeza chotupa china chachikulu mbali ya kumanja, kumene kupima koyamba sikunafike, ndipo chimenecho chinali chitayamba kale khansa. Anamuchita opaleshoni n'kudula chigawo cha thumbo. Anakhala ndi moyo mpaka 2004 ndipo sanamwalire ndi khansa imeneyo. Kachotupa kakang'ono kaja ndiko kanatsegula khomo kuti chachikulu chioneke.

Kolonosikopi imachitika bwanji?

Dokotala amagwiritsa ntchito kapaipi kofewa, kokula ngati chala, kamene kunsonga kwake kuli nyali ndi kamera. Amakalowetsa kotulukira chimbudzi n'kukayendetsa pang'onopang'ono mpaka koyambira thumbo lalikulu, uku akuona zonse pa kanema. Amapopera mpweya pang'ono kuti thumbo lifutukuke. Akapeza kachotupa amakakola ndi kawaya konga khwekhwe n'kukadula pomwepo, ndipo wodwala samva kudulako chifukwa kakhungu ka m'kati mwa thumbo kalibe mitsempha yomvera ululu wotere. Ntchito yonse imatenga mphindi 30 mpaka ola limodzi. Kawirikawiri amapereka mankhwala ochepetsa ululu ndi owodzeretsa. Mimba siing'ambidwa, ndipo ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Njira imeneyi si yachilendo. Madokotala awiri, William Wolff ndi Hiromi Shinya, anayamba kuunika thumbo lonse ndi kudula timatupa motere mumzinda wa New York m'chaka cha 1969. Kafukufuku wina wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012 anasonyeza kuti anthu amene anachotsedwa timatupa ta mtundu wa adenoma anamwalira ndi khansa ya m'matumbo mochepera ndi theka poyerekeza ndi momwe zikanakhalira pakati pa anthu wamba.

Monga ntchito iliyonse ya kuchipatala, ili ndi ngozi zake, koma n'zosowa. Nthawi zina pamalo podulidwapo pamatuluka magazi, ndipo mwa apo ndi apo thumbo limabooka, zimene zimachitikira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 1,000 kapena kucheperapo. Chotupa chikakhala chachikulu kwambiri, dokotala amangotapako pang'ono kuti akapime, n'kukonza zoti chidzachotsedwe mwa opaleshoni.

N'chifukwa chiyani timadikira?

Munthu wa kuno amayambira kuchipatala chaching'ono cha m'dera lake, kapena ku Kabudula, kapena ku St Gabriel ku Namitete, chipatala chimene chinakhazikitsidwa ndi masisitere a chipani cha Karimeli a ku Luxembourg mu 1959. Matenda akafuna akatswiri, ulendo umaloza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, chimene chimalandira odwala ochokera m'maboma onse a m'chigawo chapakati. Zipangizo zounikira matumbo n'zodula, zimafuna kutsukidwa mosamala pakatha wodwala aliyense, ndipo odziwa kuzigwiritsa ntchito m'dziko muno ndi ochepa. Komanso Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ili yochuluka kwambiri pa dziko lonse, kotero ogwira ntchito younika amakhalanso otanganidwa ndi odwala amene akulephera kumeza ndi amene akusanza magazi. Achipatala amatsogoza amene ali pachiopsezo chachikulu.

Nanga kudikira kumaononga? Popeza kachotupa kamatenga zaka kuti kasinthe, masabata angapo kapena miyezi yochepa sikusintha zambiri kwa munthu amene alibe zizindikiro zoopsa. Kafukufuku wa ku California wa mu 2017, wokhudza anthu oposa 70,000 amene chimbudzi chawo chinapezeka ndi magazi obisika, anaonetsa kuti amene anaunikidwa m'miyezi yoyambirira sanasiyane kwenikweni ndi amene anaunikidwa mwezi woyamba, koma amene anafika miyezi 10 kapena kupitirira anapezeka ndi khansa yambiri ndiponso yokhwima. Phunziro lake n'lakuti kudikira pang'ono sikoyenera kutisowetsa tulo, koma kuzengereza mpaka chaka n'kudziika pa ngozi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha si kuiwala. Amene amavulala kwambiri ndi amene tsiku lija litakwana sanapite chifukwa magazi anasiya, kapena chifukwa inali nyengo yobzala kapena yosankha fodya.

Zizindikiro zosayenera kudikira nazo

Tsiku limene mwapatsidwa si lamulo lokuletsani kubwerera kuchipatala msanga. Pitani tsiku lomwelo, usana kapena usiku, ngati mwataya magazi ambiri kapena amagulumagulu, ngati chimbudzi chada bii ngati phula chikhalirecho simukumwa mapiritsi owonjezera magazi, ngati mukumva chizungulire, mtima ukuthamanga kapena mwakomoka. Chitaninso chimodzimodzi mimba ikatupa ndi kupweteka kwambiri, mukusanza, ndipo chimbudzi kapena mpweya sizikutuluka, pakuti chimenecho chingakhale chizindikiro chakuti thumbo latsekeka.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kuthamanga usiku, koma zimafuna kuti mubwerere kwa amene anakutumizani m'masiku ochepa: kuonda popanda chifukwa, kufooka ndi kuyera m'maso ndi m'manja, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa kwa masabata angapo, chimbudzi chopyapyala kusiyana ndi kale, ndi kumva ngati simunamalize pamene mwachoka kuchimbudzi. Zimenezi zikhoza kuchititsa kuti achipatala akusunthireni tsiku pafupi. Iwo sangadziwe kuti zinthu zasintha ngati inu simunawauze.

Zochita pa nthawi yodikira

Sungani bwino buku lanu la kuchipatala ndi kalata yokutumizani. Musanachoke kwa dokotala funsani mafunso awa: kachotupako n'kakakulu bwanji, kali pati, kodi atapako kuti akapime, mudzafikira chipinda chiti, ndipo mankhwala okonzekera mudzawatenga kuti ndi liti. Funsaninso ngati pali chipatala china chimene chingakuunikeni msanga ndi mtengo wake. Safunsa anadya phula. Siyani nambala ya foni imene imagwira nthawi zonse, ngakhale ya mwana kapena mnansi, ndipo tsiku likamayandikira tsimikizani ngati silinasinthe, kuti musawononge ndalama ya minibasi pachabe.

Muuzeni dokotala mankhwala onse amene mumamwa. Odwala shuga, othamanga magazi, omwa ma ARV ndi omwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin ndi aspirin asasiye okha mankhwala awo. Dokotala ndiye anene zoyenera kuchita. Mankhwala a ululu monga Brufen ndi diclofenac amatha kuwonjezera kutaya magazi, choncho panado ndiye wabwinoko. Mayi amene ali woyembekezera kapena akudzikayikira anene poyera.

Palibe chitsamba kapena chakudya chimene chimasungunula kachotupa kamene kamera kale. Tikuchenjeza makamaka za mankhwala opopera kumusi ndi zitsamba zotsegula m'mimba mwamphamvu: zimapsereza thumbo, zimawonjezera magazi, ndipo zimatha ndalama zimene zikanathandiza pa ulendo wa kuchipatala. Chimene chimathandiza ndi kuteteza thumbo ku timatupa tatsopano. Pamenepa chakudya chathu cha kumudzi chili ndi mwayi: nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, nkhwani, bonongwe, chisoso ndi zipatso. Zochepetsa ndi nyama yofiira ya tsiku ndi tsiku, soseji ndi polony. Mu 2015 bungwe la WHO linaika nyama zokonzedwa m'mafakitale zoterezi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Kusuta fodya, mowa ndi kunenepa kwambiri nazonso zimakulitsa chiopsezo.

Kukonzekera tsiku lounikidwa

Ambiri amene anaunikidwapo amati chovuta si kuunikako koma kukonzekera. Thumbo liyenera kukhala loyera, apo ayi dokotala saona bwino, timatupa tina timabisika, ndipo munthu amabwezedwa kuti akadikirenso tsiku lina. Malangizo a chipatala chanu ndiwo oyamba kutsatidwa, koma kawirikawiri amayenda motere.

Kutatsala sabata imodzi mumasiya mapiritsi owonjezera magazi, chifukwa amadetsa thumbo. Kutatsala masiku awiri kapena atatu mumasiya zakudya zokhala ndi gaga, makoko ndi njere. Apa zinthu zimatembenuka: mgaiwa, nyemba, mtedza, masamba, gwafa, tomato ndi chimanga chokazinga, zimene taziyamikira pamwambapa, mumaziika pambali kaye. M'malo mwake mumadya nsima ya ufa woyera, mpunga, buledi woyera, mazira, nkhuku kapena nsomba. Tsiku lomaliza mumangomwa zamadzi zoonekera mbee: madzi, tiyi wopanda mkaka, msuzi wosefa, ndi Thanzi ORS. Thobwa, maheu, phala ndi mkaka sizili m'gulu limeneli, ndipo zakumwa zofiira muzipewe chifukwa zimaoneka ngati magazi.

Kenaka mumamwa mankhwala otsuka m'mimba, amene kawirikawiri amakhala ufa wosungunula m'madzi okwana malita 2 mpaka 4. Mudzapita kuchimbudzi kambirimbiri mpaka zotuluka zikhale madzi oyera kapena achikasu. Mankhwalawa amalizeni onse ngakhale sakoma, ndipo mumwe madzi ambiri kuti thupi lisaume.

Pano pali mfundo yokhudza ife a kutali ndi tauni. Munthu amene wamwa mankhwala otsuka m'mimba sangayende bwino pa kabaza kuchokera kumudzi, n'kudikira minibasi pa Msundwe mpaka idzaze, n'kuyenda msewu wonse wa Mchinji kukafika ku Lilongwe. N'kwanzeru kupita tsiku limodzi kapena awiri pasadakhale, n'kukagona kwa wachibale kumene chimbudzi chili pafupi, kapena kufunsa achipatala ngati angakugonekeni. Okalamba ndi odwala shuga, impso kapena mtima asamwe mankhwalawa ali okha. Tenganinso munthu wokuperekezani, chifukwa mukalandira mankhwala owodzeretsa simuyenera kupalasa njinga, kuyendetsa njinga yamoto kapena galimoto kwa maola 24.

Pambuyo pa kuunikidwa

Mimba imatha kukhala yodzadza ndi mpweya kwa maola angapo, ndipo timagazi pang'ono pa chimbudzi choyamba si todabwitsa. Koma magazi ambiri, kutentha thupi kapena kupweteka kwa mimba komangokulirakulira, ngakhale patapita masiku angapo, kumafuna kubwerera kuchipatala mwamsanga.

Kachotupa kochotsedwa kaja kamatumizidwa ku labotale. Ku Kamuzu Central labotale yopima zotupa inayamba ntchito mu 2011, mothandizana ndi yunivesite ya North Carolina. Zotsatira zimatenga masabata, ndipo kumeneku ndi kudikira kwachiwiri. Musachoke musanadziwe tsiku ndi malo okamvera zotsatirazo, ndipo mupite ngakhale mukupeza bwino. Zotsatirazo ndizo zimanena ngati nkhani yatha, kapena ngati mudzaunikidwenso pakapita zaka 3, 5 kapena 10. Zikasonyeza khansa, si mapeto a moyo: khansa ya m'matumbo yopezeka isanafalikire imachizika mwa opaleshoni kwa anthu ambiri.

Achibale nawonso ayenera kudziwa. Ngati mwapezeka ndi khansa kapena chotupa chachikulu cha adenoma, makamaka musanakwane zaka 60, ana anu ndi abale anu a bere limodzi amalangizidwa kuti akaonane ndi dokotala akafika zaka 40, kapena kutatsala zaka 10 kuti afike msinkhu umene inu munapezeka nawo. Matendawa si a okalamba okha. Katswiri wa mafilimu wa ku America, Chadwick Boseman, anamwalira nawo mu 2020 ali ndi zaka 43.

Manyazi, ndi udindo wa mphakati

Chimene chimachedwetsa ambiri kuposa mzere wa kuchipatala ndi manyazi. Nkhani za chimbudzi sitizikamba pagulu, ndipo bambo wamkulu kapena mayi wolemekezeka amaona chovuta kuvulira munthu wa msinkhu wa mwana wake. Tidziwe kuti wodwala amafunditsidwa nsalu, ndipo achipatala amagwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku ngati momwe amapimira maso kapena mano.

Tikumbukire Papa John Paul Wachiwiri, amene anatiyendera kuno ku Malawi mu May 1989. Lamulungu pa 12 July 1992 iye mwini anauza khamu la anthu ku Roma kuti akupita kuchipatala kukapimidwa. Pa 15 July madokotala a pa chipatala cha Gemelli anamuchotsa m'thumbo lalikulu chotupa chokula ngati lalanje, cha mtundu womwewu wa adenoma, chisanasanduke khansa. Anali ndi zaka 72, ndipo anapitiriza utumiki wake mpaka 2005. Ngati iye sanabise, ifenso tisabise.

Kwa akatekisi ndi atsogoleri a miphakati, thandizo lofunika pa nthawi yodikira n'looneka ndi maso. Choyamba ndi kusunga chinsinsi cha wodwala. Asatchulidwe matenda ake pa msonkhano iye asanavomereze. Chachiwiri ndi kumukumbutsa tsiku lake, kumuwerengera malangizo ngati savutika ndi maso okha komanso ndi kuwerenga, ndi kumupezera womuperekeza. Chachitatu ndi kusonkha kangachepe ka ulendo, ndi kumugwirira ntchito ya kumunda masiku amene wachoka. Tipewe kumuopseza ndi nkhani za amene anamwalira, tipewenso kumuuza kuti wachira asanaunikidwe. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo kwa inu amene muli ndi kalata m'buku lanu la kuchipatala: lembani tsikulo pa kalendala, uzani munthu mmodzi wokhulupirika, yambani lero kusunga ndalama ya minibasi, ndipo tsiku likakwana mupite, kaya magazi asiya kaya sanasiye.